Dzenje Lachisanu ndi Chiwiri

Lachiwiri m'mawa, sitima ya ku Mallaig isanalize hutala,
ndimawaveka bambo juzi yawo yaubweya
ndi kuwamangira zingwe za nsapato
mfundo ziwiri, monga ankachitira ndi zanga.

Pageti palibe mlonda.
Pali kabokosi kadzimbiri kokhomeredwa pamtengo,
timaponyamo mapaundi athu, ngwee!
kenaka mphepo imatilandira ndi khofi la mchere kumaso.

Bwalo la gofu limeneli silinalimidwe ndi munthu.
Nyanja ya Atlantic inalavula mchenga,
mphepo inauunjika m'zitunda,
nkhosa za kwa MacInnes zimameta udzu mwaulere
ndi kusiya malisiti akuda paliponse.
Ife a pa Uist tinangozika mbendera.

Bambo anga, a Torcuil, anataya dzina langa chaka chatha.
Lero ndine Calum, mng'ono wawo amene anamira ndi boti.
Dzulo ndinali wansembe.
Koma apatseni ndodo muone,
zala zimapeza malo ake zokha
ngati nkhunda zolowa m'khola.

"Usamenyere m'mwamba, iwe.
Kumwambako n'kwa mphepo, si kwako.
Kampira kayende chokwawa."

Phaa! Kawo kakuthamanga m'makwinya a nthaka,
kakwera, katsika, kazemba dzenje la mchenga
ngati kakudziwa kwawo.
Kanga kanyada, kauluka,
mphepo yakatenga ngati ngongole yakale
n'kukakaponya m'udzu wobaya wofika m'mawondo.
Ndikufufuza chowerama, mvula yowaza ikundilowa m'khosi,
iwo akuseka mpaka kutsokomola.

Maenje asanu ndi limodzi timayenda chotero,
khadi itanyowa, pensulo ikukana kulemba.

Tsono lachisanu ndi chiwiri.

Dzenje limenelo nyanja inalidya kalekale,
usiku umodzi wa Januwale, pamodzi ndi mpanda ndi benchi.
Seonag wosamalira bwalo anakumba lina kumtunda,
kuseri kwa khoma lamiyala.
Mbendera yake yofiira ikuoneka bwinobwino, uko kumanzere.

Bambo amaipatsa nkhongo.
Amayang'ana kumadzulo, kumene kulibe kanthu
koma mafunde, ndere pamatanthwe,
ndi katumbu mmodzi woyandama chagada.
Amanyowetsa chala, kuyesa mphepo,
maso ali pa udzu wobiriwira umene ine sindiuona.

Poyamba ndinkawagwira mapewa kuwatembenuza.
Tsiku lina anandiyang'ana ngati mwana wolandidwa chakudya,
milomo ikunjenjemera,
ndipo sitinamalize masewero.
Ndinasiya.

Lero ndodo yakwera pang'onopang'ono,
msana wazaka makumi asanu ndi atatu wapindika,
ndipo kampira kanyamuka motsika, mowongoka,
kaboola mphepo pakati,
koyera mbee pa mtambo wakuda,
mpaka uko,
chubwi.

"Kagwera pati? Maso angawa."
"Pafupi ndi mbendera, bambo. Mapazi atatu."
"Ndinadziwa. Ndinakamva m'manja."

Madzi akaphwa, ana a Seonag amatsika ndi ndowa,
kutola timipira tathu pakati pa nkhono ndi miyala,
Loweruka n'kudzandigulitsanso pakhomo.
Kamodzi ndakagula kasanu tsopano,
kali ndi T wa inki yobiriwira
amene mchere walephera kufufuta.

Pobwerera timakhala m'galimoto, injini ili zii,
tiyi wa m'fulasiki akuchita nthunzi pagalasi.
Kunja nkhungu ikumeza zitunda chimodzichimodzi,
nkhosa zasanduka miyala.
Bambo akupukuta ndodo yawo ndi mpango wa malemu mayi,
kenaka anditembenukira mwaulemu, ngati mlendo:

"Kodi mwana wanga Ruaraidh mumamudziwa?
Amasewera?"

"Amayesa."

"Mukamuuze asamamenyere m'mwamba."

Ndayatsa injini.
Zopukutira galasi zayamba kugwedeza mitu,
ndipo pa khadi yonyowa ija, pa nambala seveni,
ndadinda ndi chikhadabo: ziwiri.